Kusankha zida zoyesera mapulogalamu kuno ku Harare

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi ku Highfield, mwana wa mlongo wanga anandikodola ndili pa ulendo wokakwera kombi. Mnyamatayu wangomaliza kumene maphunziro a zamakompyuta, ndipo kampani ina yaing'ono ya m'tauni yamulemba ntchito yoyesa mapulogalamu, ntchito imene ine ndakalamba nayo.

"Amalume, abwana akufuna ndiwauze pofika Lachisanu chida chimene tizigwiritsa ntchito. Nditenge Selenium kapena Cypress? Anzanga akuti zonsezo n'zachikale, masiku ano kwatchuka Playwright."

Ndinamufunsa zimene pulogalamu yawo imachita. Anati makolo amalipirirapo fizi ya ana pa foni, sukulu n'kumaona amene walipira ndi amene sanalipire. Ndinamufunsanso kuti, nanga ikalakwa imalakwa pati, ndipo amene amalira ndani? Apa anangoti kukamwa yasa. Sabata yonse anathera pa YouTube kuonera mavidiyo ofananitsa zida, koma sanakhalepo pansi ngakhale ola limodzi ndi mayi amene amayankha mafoni a makasitomala kuti amve madandaulo amene amabwera tsiku ndi tsiku.

Sindikumunena mwanayu, nanenso ndinayamba choncho. Dzina la chida limakoma m'kamwa, ndipo abwana amafuna yankho la dzina limodzi loti alembe mu bajeti. Vuto n'lakuti mayina atatu amene ananditchulirawo onse amagwira mbali imodzi yokha ya ntchitoyi, ndipo pa pulogalamu ya ndalama ngati yawoyo, mbali imeneyo si imene imaluma kwambiri.

Tiyerekeze ndi kumanga nyumba. Mmisiri wanzeru amagogoda njerwa iliyonse asanaiike pakhoma. Akatha amatsegula madzi n'kuona ngati mapaipi sakudontha molumikizira. Pomaliza amalowa m'nyumbamo ngati mwini wake, kutsegula chitseko, kuyatsa nyali, kugejemula chimbudzi. Pa mapulogalamu ziliso chimodzimodzi. Kugogoda njerwa ndi kumene timati unit test: kuyesa kachidutswa kamodzi ka khodi (malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamu) pakokha, monga kamene kamawerengera msonkho. Kuyesa mapaipi ndiko kuyesa API, njira imene pulogalamu yanu imalankhulira ndi seva yake (kompyuta imene imalandira mapempho n'kusunga zonse) kapena ndi mapulogalamu a anthu ena. Kulowa m'nyumba ndiko kuyesa zimene munthu amaona pa sikirini, kudina mabatani ndi kudzaza mafomu. Selenium, Cypress ndi Playwright ndi za gawo lomalizali. Mike Cohn anatchukitsa fanizo la piramidi m'chaka cha 2009: mayeso a pansi, a njerwa aja, achuluke chifukwa amathamanga ndipo savuta kusamala, a pamwamba, a pa sikirini aja, achepe chifukwa amachedwa ndipo amathyoka pa zinthu zazing'ono. Makampani ambiri amene ndawaona amaitembenuza piramidiyo chadodolido, kenako n'kumadabwa kuti mayeso awo akutenga maola awiri.

Tsono tiyambe ndi ndalama, pakuti kuno ndi pamene pamagona nkhani. Munthu amene analemba pulogalamu yowerengera ndalama ku London angathe kupuma pantchito asanaone ndalama ya dziko lake ikusintha dzina. Ife kuno tinayamba kugwiritsa ntchito ndalama za mayiko angapo mu 2009, ma bond note anabwera mu 2016, RTGS dollar mu 2019, ndipo pa 5 April 2024 Reserve Bank of Zimbabwe inalengeza ndalama yatsopano ya ZiG. Ndalama zonse zimene zinali m'maakaunti anazisintha pa mlingo wa 2498.7242 wa ndalama yakale pa ZiG imodzi, ndipo dola imodzi ya ku America inayamba pa ZiG 13.56. Kumapeto kwa September chaka chomwecho mtengowo unadumpha tsiku limodzi kuchoka pa ZiG pafupifupi 14 kufika pafupifupi 24. Onjezanipo msonkho wa IMTT wotumizira ndalama, umene unakhala 2% mu October 2018 ndipo wakhala ukusinthidwa kangapo, ndi VAT imene inachoka pa 14.5% kufika 15% mu January 2023. Kusintha kulikonse kwa mtundu umenewu kumatanthauza kuti wina wake anakhala usiku wonse akusintha khodi, ndipo m'mawa mwake panafunika wina wotsimikizira kuti masamu sanasokonekere.

Kholo likalipira theka la fizi m'madola mu January, theka linalo mu ZiG mu March, mtengo utasintha pakati, ngongole yotsala ndi zingati? Funso limeneli silifuna browser. Likufuna mayeso aang'onoang'ono makumi angapo, aliyense wopatsa pulogalamu manambala n'kuona ngati yankho lili lolondola mpaka pa senti. Ndipo chida chake simuchita kuchisankha, chiyankhulo chimene pulogalamu inalembedwera ndicho chimakusankhirani. Ngati ndi Java mumatenga JUnit, imene Kent Beck ndi Erich Gamma anaiyamba mu 1997. Ngati ndi Python mumatenga pytest. Ngati ndi PHP, monga mmene ziliri ndi ntchito zambiri za Laravel (chida chomangira mapulogalamu a PHP) zimene ndimakumana nazo, ndi PHPUnit. Ngati ndi JavaScript pali Jest kapena Vitest. Zonsezi n'zaulere.

Ndinamuuza mnyamatayo kuti atsegule browser pa laputopu yake, alowe pa console, alembe 0.1 + 0.2. Linatuluka yankho lakuti 0.30000000000000004. Anaganiza kuti laputopu yake yadwala. Kompyuta imasunga manambala a decimal m'njira yosakwanira bwinobwino, ndipo pulogalamu imene imasunga ndalama mwa njira imeneyo imayamba kutaya senti pano, senti apo. Senti imodzi sioneka. Koma wowerengera ndalama wa pasukulu akamatseka mabuku a ana 1,200 n'kupeza kuti sakugwirizana ndi za ku banki, foni imalira kwa inu.

Gawo lachiwiri, la mapaipi lija, ndi limene linandichititsa manyazi kwambiri pa moyo wanga wa ntchito. Pa kampani ina imene ndinagwirako tinali ndi mayeso a pa sikirini oposa zana, onse obiriwira, kusonyeza kuti sanapeze cholakwika, ndipo tinkanyada nawo. Tsiku lina kunabwera mayi wina wa ku Mbare, foni yake ya Itel ili m'manja, sikirini yong'aluka pakona, akutionetsa mauthenga awiri osonyeza kuti ndalama zachoka kawiri. Anali atadina batani lolipirira, n'kuika PIN yake, netiweki n'kugwa. Kachizindikiro kozungulira kaja kanangokhala kakuzungulira. Iwo anadikira, n'kuganiza kuti sizinatheke, n'kudinanso. Ndani sakanatero? Seva yathu inalandira mapempho awiri ndipo inawatenga ngati malipiro awiri osiyana. Mayeso athu onse ankayenda pa intaneti ya fibre ya mu ofesi, pamene yankho limabwera munthu asanaphethire. Palibe ngakhale amodzi amene anafunsa kuti chimachitika n'chiyani yankho likachedwa masekondi makumi anayi, kapena likapanda kubwera n'komwe.

Malipiro a EcoCash, OneMoney kapena InnBucks sachitika mkati mwa pulogalamu yanu. Inu mumatumiza pempho, kasitomala amavomereza pa foni yake, ndipo inu mumadikira kuuzidwa, kapena kumafunsa pafupipafupi ngati zatheka. Pakati pamenepo pali mphako zambiri: munthu akhoza kukana, ndalama zikhoza kuperewera, uthenga wotsimikizira ukhoza kufika mochedwa kapena kufika kawiri. Paynow, kampani yolipirira pa intaneti, ili ndi njira yoyesera yokhala ndi manambala a foni ongopeka amene amayerekeza zina mwa zimenezi, monga kuchedwa ndi kukana, ndipo ndi poyambira pabwino. Pa zinthu zimene simungaziyerekeze kumeneko pali zida monga WireMock, zimene zimadzisandutsa seva ya anthu enawo, inu n'kumailamula kuti tsopano chedwa, tsopano yankha zopanda mutu, tsopano khala chete. Ndikanakhala ndi mpata wophunzitsa woyesa watsopano chida chimodzi chokha kuno, ndikanayamba ndi chimenechi.

Potumiza mapempho ku API anthu ambiri amadziwa Postman, imene inayamba mu 2012 ngati kachida kowonjezera pa Chrome. Ndi yabwino, ndipo ndi Newman mukhoza kuyendetsa mayeso ake popanda munthu kudina. Koma mu 2023 eni ake anachotsa mbali imene inkalola kusunga ntchito yonse popanda akaunti, ndipo anthu ambiri anasamukira ku zida monga Bruno, zimene zimasunga mayeso ngati mafayilo wamba pa kompyuta panu, pafupi ndi khodi. Phunziro limene ndinatolapo ine n'lofunsa chida chilichonse funso ili: intaneti ikachoka, kapena eni ake akasintha malamulo mawa, ntchito yanga ikhala kuti?

Tsopano tibwere ku mayina atatu aja. Selenium ndiye gogo wawo. Jason Huggins anaiyamba mu 2004 ali ku ThoughtWorks, ndipo njira yake yolamulira browser, WebDriver, inavomerezedwa ndi bungwe la W3C mu 2018 kukhala muyezo wa onse. Mukhoza kulemba mayeso ake mu Java, Python, C#, Ruby kapena JavaScript, ndipo vuto lililonse limene mungakumane nalo wina anakumana nalo kale n'kulilemba pa intaneti. Kuipa kwake n'kwakuti zambiri mumamanga nokha, makamaka nkhani yodikira kuti tsamba litseguke. Woyesa wongoyamba amangolemba kuti pulogalamu igone masekondi asanu isanadine, ndipo tsiku limene tsamba latenga masekondi asanu ndi limodzi mayeso amagwa popanda cholakwika chilichonse.

Cypress imakoma poiona. Imayenda mkati mwa browser, mumaona chilichonse chikuchitika, mukhoza kubwerera m'mbuyo kukaona mmene tsamba linalili pa sitepe iliyonse. Imafuna JavaScript kapena TypeScript basi. Siinapangidwire kulamulira ma tab angapo nthawi imodzi, ndipo kwa zaka zingapo inkavutika tsamba likamutumiza munthu ku webusaiti ina, chinthu chimene chimachitika nthawi zonse polipira. Anadzakonza pambuyo pake, koma ngati ntchito yanu yagona pa kulumpha kupita ku tsamba lolipirira n'kubwerera, muyese zimenezo tsiku loyamba. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: vidiyo yotsatsa malonda siionetsa mbali imene chidacho chimatsimphina.

Playwright inatuluka ku Microsoft mu 2020. Imadikira yokha mpaka batani litakonzeka, imayendetsa Chromium, Firefox ndi WebKit, ndipo imalembeka mu JavaScript, Python, Java kapena .NET. Mayeso akagwa imasiya trace, mbiri ya zonse zimene zinachitika, zithunzi ndi mapempho onse a pa netiweki. Imathanso kudula netiweki pakati pa mayeso kapena kuchedwetsa yankho, zimene zikanamupulumutsa mayi wa ku Mbare uja. Gulu limene likuyamba kumene, lopanda mayeso akale, ine ndimaliloza kumeneku. Koma gulu limene lili ndi mayeso a Selenium mazana atatu amene akugwira ntchito, ndi anthu awiri owadziwa bwino, ndimaliuza kuti likhale pomwepo. Kulembanso zonse chifukwa cha fashoni ndi miyezi itatu yotayika. Chenjezo laling'ono: ma browser amene Playwright imakoka poiika ndi ma megabyte mazana angapo, choncho musaiike pa bandulo ya foni.

Komatu makolo ambiri sadzatsegula laputopu. Adzalipira pa foni, ndipo foni zake ndi Itel, Tecno, Samsung zotsika mtengo, zina Huawei zimene kuyambira 2019 zatsopano zake zimabwera zopanda mapulogalamu a Google. Pa mapulogalamu a pa foni pali Appium, yogwira Android ndi iPhone, pali Espresso ya Google ya Android yokha imene imathamanga kwambiri, ndipo kuyesa za iPhone kumafuna kompyuta ya Mac. Makampani monga BrowserStack ndi Sauce Labs amabwereketsa mafoni enieni mazanamazana kudzera pa intaneti. Ndi ntchito yabwino, koma mafoni amenewo ali m'nyumba zozizira za kunja, pa intaneti yothamanga, batire lodzaza. Foni ya kasitomala wanu ndi yodzaza mavidiyo a WhatsApp, malo otsala ndi ochepa, batire lili pa 9%, ndipo mwini wake ali mu kombi pakati pa Copacabana ndi Mufakose. Mafoni atatu otchipa ogula ku Gulf Complex, oikidwa mu dirowa ya mu ofesi, andipezera zolakwika zambiri zimene emulator, foni yongoyerekeza ya pa kompyuta, sinazione.

Pali nkhani ina imene mavidiyo a kunja satchula, ya mtengo. Chida cholipira mwezi ndi mwezi chimafuna madola a ku America ndi khadi la Visa kapena Mastercard logwira ntchito kunja, ndipo zambiri amalipiritsa pa munthu aliyense. Mwezi umene kampani yasowa forex, kapena khadi lakana, mayeso amaima. Zaulere nazo zili ndi mtengo wake. Jenkins, imene imayendetsa mayeso yokha wina akasintha khodi, simulipira, koma imafuna kompyuta yosazima, ndipo aliyense amene anakhalako kuno nthawi imene madzi anachepa ku Kariba, magetsi n'kumapita mbandakucha kubwera pakati pa usiku, akudziwa kuti kompyuta yosazima imatanthauza inveta, mabatire ndi sola. GitHub Actions, yogwira ntchito yomweyo pa makompyuta a eni ake, imapereka mphindi 2,000 zaulere pamwezi pa akaunti yaulere, ndipo ZESA, kampani ya magetsi, ilibe nazo gawo. Kwa gulu laling'ono zimakwana, pokhapokha ngati piramidi ija mwaitembenuza, mayeso a pa sikirini n'kumadya mphindi makumi anayi nthawi iliyonse wina akasintha khodi.

Za kuyesa katundu wolemera ndingodutsapo. Sukulu zimatsegulira mu January, May ndi September, ndipo makolo onse amalipira masiku atatu omwewo. Apache JMeter, k6 kapena Locust zimayerekeza anthu zikwi akulowa nthawi imodzi. Chilichonse mwa zitatuzi chigwira ntchito. Chachikulu musaloze mfuti imeneyi pa seva ya banki kapena ya kampani yolipirira popanda chilolezo chawo.

Pa data yoyesera ndiye ndichedwepo pang'ono. Chizolowezi choipa chimene chili ponseponse n'chokopera database yeniyeni, yokhala ndi mayina a ana, manambala a makolo ndi ngongole zawo, n'kumayesera pamenepo, mwinanso kuikweza ku chida cha pa intaneti chimene seva yake ili kutsidya la nyanja. Kuyambira 2021 dziko lino lili ndi lamulo la Cyber and Data Protection Act, limene bungwe la boma la POTRAZ limaliyang'anira, ndipo limaika malire pa kutumiza kunja mbiri za anthu. Njira yabwino n'kupanga mayina ongopeka. Pali zida monga Faker zochitira zimenezi, koma zikasiyidwa zokha zimakupatsani ma John Smith okhaokha. Ife a Chichewa tili ndi mphatso yathu pamenepa. Lembani dzina lakuti Ng'oma kapena Ng'ambi m'fomu muone. Kachizindikiro kotsatira g kaja kagwetsa mapulogalamu ambiri: ena amakana kuti dzinalo n'losavomerezeka, ena amalidula n'kusindikiza risiti ya munthu wotchedwa Ng, ndipo amene analembedwa mosasamala amagwa ndi cholakwika cha SQL (chiyankhulo cholankhulira ndi database), chomwe ndi chizindikiro chakuti khomo lili pululu kwa akuba. Yesaninso chilembo cha ŵ, chija cha mu Malaŵi. Chichewa chili m'gulu la ziyankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo aakulu a dziko lino a 2013, koma mafomu ambiri sanamve uthengawo. Pa za akuba, ZAP ndi yaulere ndipo imafufuza mipata yodziwika bwino ngati imeneyi. Burp Suite ili ndi mtundu waulere ndi wolipira.

Funso limene abwana safuna kulimva n'lakuti, adzasamala mayesowa ndani? Walira mvula walira matope. Mayeso odziyendera okha ndi khodi, ndipo khodi imakalamba. Wina akasintha dzina la batani, mayeso khumi amagwa. Choopsa kwambiri ndi mayeso ogwa lero n'kudzuka mawa popanda chasintha, amene timawatcha flaky. Gulu likazolowera kuona zofiira n'kumati "ingoyendetsanso, zimachita choncho", tsiku limene kufiirako kuli kwenikweni palibe amene amatembenuka. Ndiye chida chiyenera kukhala m'chiyankhulo chimene olemba khodi a pakampanipo amachidziwa, kuti mayeso asakhale katundu wa munthu mmodzi. Pantchito yathu anthu amasamuka. Mnyamata waluso lero ali nanu, chaka chamawa ali ku Johannesburg, Cape Town kapena akugwirira kampani ya ku Ulaya ali kunyumba kwake. Akachoka n'kusiya mayeso a Java pakati pa anthu a PHP, pakatha miyezi iwiri wina amangowazimitsa mwakachetechete.

Ndipo ngakhale chida chitakhala chabwino motani, kubiriwira kwake si umboni wakuti zonse zili bwino. Edsger Dijkstra ananena kalekale kuti kuyesa kumasonyeza kuti zolakwika zilipo, koma sikungasonyeze kuti palibe. Pa 19 July 2024 kampani ya CrowdStrike inatumiza fayilo yolakwika imene inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, ndege n'kulephera kunyamuka m'mayiko ambiri. Malinga ndi zimene kampaniyo inafotokoza yokha, chida chimene chinkayenera kuona fayiloyo isanatuluke chinali ndi cholakwika chakechake, ndipo chinailola kudutsa. N'chifukwa chake woyesa wokhala pansi ndi foni m'manja, kumadina zinthu zimene munthu wanzeru sangadine, kutembenuza foni, kuzimitsa data pakati pa malipiro, sadzatha ntchito. Chida chimabwereza zimene munachiuza. Munthu ndi amene amadabwa.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti akapemphe abwana masabata awiri m'malo mwa Lachisanu. Sabata yoyamba akhale ndi mayi woyankha mafoni uja, alembe madandaulo onse a teremu yatha, awasanje malinga ndi ndalama zimene zinatayika ndi ukali wa odandaula. Sabata yachiwiri atenge zinthu zitatu zopweteka kwambiri pamndandandawo, azilembere mayeso ndi zida ziwiri zimene akuziganizira, pa pulogalamu yawo yeniyeni, pa intaneti ya mu ofesi mwawo, mmodzi wa olemba khodi ali pambali pake. Kenako aswe khodi mwadala n'kuona ngati mayeso agwira, ndiponso ngati uthenga umene chidacho chapereka ungamveke kwa munthu amene sanalembe mayesowo.

"Nanga abwana akakana, amalume?"

Ndinamuuza kuti akawafunse ndalama zimene anabweza kwa makolo teremu yatha.

Anandiimbira patatha milungu itatu. Pulogalamu yawo ndi ya Laravel, choncho masamu a fizi ndi kusintha ndalama anawaika pa PHPUnit, mayeso oposa makumi asanu ndi limodzi amene amatha m'masekondi ochepa. WireMock ikuyerekeza kampani yolipirira. Playwright anaitenga ndithu, koma pa maulendo asanu okha: kulowa, kupeza mwana, kulipira, kuona risiti, ndi kulipira netiweki itadulidwa. Mafoni anagula awiri, abwana anati lachitatu lidikire mwezi wamawa. Mayeso oyamba kugwa anali a dzina. Risiti inatuluka yolembedwa kuti Ng&#39;oma, ndipo atafufuza mu database yeniyeni anapeza ana khumi ndi anayi amene makolo awo akhala akulandira marisiti otero chiyambire, osadandaula n'kamodzi komwe.